Chala cha a Masiye pa njerwa zanga

A Masiye anafika kwathu ku Lifuwu m'chilimwe cha 1984, atasenza chikombole choumbira njerwa. Ine ndinali mphunzitsi wa sitandade 7, wovala nsapato zagogoda, ndipo ndinkafuna nyumba yoti anthu aziloza akamadutsa.

Njerwa zawo zinali zolimba, koma iliyonse inali ndi kadzenje m'mbali. Akaikhuthula m'chikombole ankaidina ndi chala chachikulu, mizere ya chalacho n'kutsalira m'dothi.

"Zimenezi ndi uve, a Masiye," ndinawauza.

"Inu mumasayina ndi cholembera, aphunzitsi. Ine changa ndi ichi."

M'kalasi ndinkaphunzitsa monyadira kuti mizere ya zala za munthu sifanana ndi ya wina aliyense, ndipo sisintha mpaka imfa. Ndikafika kunyumba, mizere yomweyo ndinkaiona ngati zipsera za nthomba. Pa 9 Ogasiti 1991 ndinapaka pulasitala nyumba yonse, mtima n'kukhala pansi.

Iwo anaumbabe mpaka msana unakana, kenako ankapirikitsa mbalame m'minda ya mpunga. Maso anasiya kuona mu 2019. Mu Juni 2023 mwana wawo Enifa, namwino ku Kasungu, anabwera kudzawatenga, koma a Masiye anakana kukwera galimoto Enifa asanaone ntchito ya manja awo. Nyumba zina zomwe anaumbira njerwa zinali zitagwa ndi mvula kapena kumatidwa. Ndiye anabwera kwa ine, Enifa atawagwira mkono.

"Aphunzitsi, khoma langa lili pati?"

Ndinayang'ana nyumba yanga, yosalala ngati dzira. Komwe simenti sinafikeko kunali ku chimbudzi chakale kuseri, momwe masiku ano mumagona nkhuku. Ine mayi wa satifiketi ndinatsogolera alendo anga kumeneko, ndikukankha zitosi ndi phazi.

A Masiye anasisita khoma mpaka chala chinalowa m'kadzenje. Enifa anayatsa tochi ya foni, n'kuyang'ana panjerwa, kenako pachala, kenako panjerwa. Mizere inazungulira chimodzimodzi.

"Ndinudi, ababa."

"Waona? Aphunzitsi anandisungira pamalo aulemu."

Ndinatenga khasu n'kugumula njerwa imodzi yapamwamba, nkhuku zikundidandaula. Enifa anaikulunga m'chitenje, a Masiye n'kuisanjika pamiyendo m'galimoto.

Ananyamuka Loweruka, pa 17 Juni 2023.