Mivi Yofiira pa Phiri la ku Shimabala

Amene anayambitsa zonse ndine, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimaseka ndekha.

Ntchitoyo ndinaipeza pa holide, nditangolemba mayeso a giledi naini. Ba Chola, dalaivala amene timapemphera naye ku Nangongwe, anati pali mayi wina wa ku yunivesite amene akufuna munthu wonyamula miyala. Amayi anga anavomera ine ndisanafunsidwe n'komwe, poti madandaulo a maneba pa zopulupudza zanga anali atawatopetsa.

Mayiyo anali Ba Mutinta. M'mawa uliwonse Ba Chola ankatitenga pa galimoto, ndipo tinkakwera phiri lina kuseri kwa minda ya ku Shimabala. Ine ndinkanyamula nyundo, tchizulo, timatumba tapulasitiki ndi kabotolo ka asidi, iwo ali ndi kampasi komanso kagalasi kokulitsa m'khosi. Akapeza mwala wakuda wa mizere yobiriwira, ankayamba ayeza ndi kampasi, n'kujambulapo muvi wofiira woloza kumpoto, kudula pambuyo. Ankati mwala wopanda muvi ukafika ku labu sudziwika mmene unagonera. Akaswa kachidutswa ankakanyambita kuti mitundu ioneke bwino, n'kusuzumira pa kagalasi kaja.

Anandifotokozera kuti phirilo kalekale linali pansi pa nyanja yaikulu. Madzi otentha ankalowa m'ming'alu n'kumaphika mwalawo mpaka mwina kusanduka mobiriwira, ndipo mizereyo ndi njira zimene madziwo anadutsamo. Ine ndinangogwedeza mutu. Nyanja kwathu kuno ku Kafue? Ndinkaona kuti pali chimene akubisa.

Wokayikira sindinali ndekha. Mwini munda wa m'munsi mwa phiri, Ba Tembo, mdala amene anapuma ntchito ya njanji, anatilola kudutsa koma maso ake sankachoka pa timatumba. Tsiku lina Ba Mutinta ali pamwamba, mdalayo anandiitanira pambali.

"Iwe mwaice, kamba zoona. Munthu wa masukulu anganyambite mwala wachabe?"

Ndinayang'ana uku ndi uku ngati ndikuopa, n'kunong'ona kuti amalawa golide, ndipo pamene pali muvi wofiira ndi pamene patsekemera. Ndinawapempha kuti asauze munthu, ndikudziwa bwino kuti pakamwa pawo sipagona nkhani.

Lolemba tinamva phokoso tisanatsike n'komwe galimoto. Phiri linali lodzaza: ana a Ba Tembo, anyamata ophwanya miyala m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, ngakhale azimayi ndi mabeseni. Mwala uliwonse wa muvi unali utaphwanyidwa ndi nyundo zazikulu. Ena ankanyambita zidutswa n'kumalavula. Amenewa ndi malo amene Ba Mutinta anayeza sabata yonse, akudikira kudzadula ndi tchizulo chachikulu, ndipo galimoto ya ku yunivesite inkayenera kubwezedwa Lachisanu.

Ba Mutinta sanakalipe. Anangokhala pansi atagwira chidutswa chokhala ndi theka la muvi. Anthu anaona ngati akulira golide, ndiye anawazungulira n'kumafunsa kuti anawatuma ndani, nanga miyalayo amapita nayo kuti. Wina anatsegula chikwama chathu n'kununkhiza asidi. Ba Mutinta anayamba kukayikira Ba Chola poti amakonda kucheza pa msika, Ba Chola nawo akukayikira anyamata ophwanya miyala. Ine ndinali kalikiliki kupukuta kampasi yomwe inali yoyera kale.

Kupukutako ndi kumene kunandigwiritsa.

"Iwe sunagwirepo ntchito osauzidwa," anatero Ba Mutinta. "Unakamba chani?"

Ndisanayankhe, Ba Tembo anali atandiloza kale ndi khasu.

Ba Mutinta anandiimika pa thanthwe kuti ndifotokozere gulu lonse za nyanja ndi madzi otentha, kenako ndinyambite mwala uliwonse umene wokayikira angandipatse n'kunena ngati ukutsekemera. Ndinanyambita mpaka lilime kuuma gwa. Ambiri anatsika akung'ung'udza, ena akunenabe kuti tagwirizana. Masiku otsalawo tinayambiranso kuyeza kuseri kwa phiri, ndipo Ba Mutinta anapita ndi theka chabe la zimene ankafuna. Katundu yense ndinkasenza ndekha, ndi madzi omwe, Ba Chola akuyenda manja ali m'thumba.

Chimene ndinatolapo n'choti munthu ukamuuza zoona, kuti phiri linali pansi pa nyanja, amakukayikira, koma ukamunamiza za golide amabwera ndi nyundo yakeyake.

Loweruka Ba Tembo anandipalitsa munda wonse umene gulu lija linapondaponda. Ndinapalira ndikuimba makorasi. Nditamaliza, mdalayo anandipatsa mango, n'kufunsa motsitsa mawu ngati kuseri kuja kulibedi kanthu. Ndinasenda mango anga bwinobwino, n'kuwauza kuti zimenezo sindiloledwa kukamba.