Mfundo ya Nsapato Yakumanzere

Nsapato zija amuna anga anapatsidwa ndi bwana amene ankamusamalira maluwa. Zinali zothamangira m'mapiri, zobiriwira ngati masamba a mpiru, pansi pake pali mano ngati tayala la thirakitala. M'litali zinawakwana bwino. Vuto linali phazi lakumanzere, limene linali ndi fupa lotukuka pamwamba, pomwe njerwa inawagwera kale pa ganyu yomanga. Chingwe chikadutsa pamenepo ankamva moto.

Ndiye anapeza kamangidwe kawokawo. Ankakhala pa chigubu pakhomo pa mkhukhu wathu wa malata ku Diepsloot, nsapato ili pabondo. Chingwe chikafika pa fupa lija sankachipingasa, ankachikweza cham'mbali, n'kusiya kampata pakati ngati kazenera. Kumtunda kwenikweni kuli timabowo tina tomwe anthu ambiri satigwiritsa ntchito. Pamenepo ankapangapo timakutu tiwiri ta chingwe, n'kulowetsa nsonga iliyonse m'khutu la tsidya linalo, n'kukoka. Ankati akatero chidendene sichivuka, ndipo zala sizigunda kutsogolo potsika phiri.

"Mayi, taonani kuno. Mwina tsiku lina mudzandimangira."

"Ine ndimangire munthu wothamanga popanda womupirikitsa?"

Ankaseka, ine n'kumachapa, koma maso anga ankaona.

Lamlungu lililonse ankapita kukaphiri ka miyala kuseri kwa misewu yathu. Pobwera ankanunkha fumbi ndi udzu wopsa. Ankati pamwamba pake Joni yense amaoneka ali phee, nyumba zazitali zija zikuyandama mu utsi ngati zojambula pa chitenje. Ankati tiyeni mukaone. Ine nthawi zonse ndinali ndi zochapa.

Lamlungu lomaliza anabwera atagwira pachifuwa. Nsapato yakumanja anamasula. Yakumanzere anangoikankha ndi phazi linalo mpaka inavuka, mfundo ili chimangire, zomwe sankachita. Mlungu womwewo anatisiya.

Ife Asilamu sitisunga maliro. Tinawaika kuno ku Joni, ndipo thupi silinapite ku Machinga. N'chifukwa chake zovala zinayenera kupita, kuti mayi awo azigwire ndi manja, abale agawane. Masiku anga okhala m'nyumba ngati wamasiye atatha, kunabwera mng'ono wawo, amene amagulitsa zikwama ku Fordsburg. Anali ndi tikiti ya basi ya kumudzi ndi chikwama chachikulu chamizeremizere. Tinapinda malaya, mikanjo, jekete. Kenako anawerama n'kutulutsa nsapato pansi pa bedi.

"Izi zisiyeni, alamu," ndinatero.

"Muzitani nazo, alamu? Mudzalamo tomato?"

"Ndivala."

"Timapazi tanuto? Mukhoza kulowa ndi tonse tiwiri mu imodzi, malo n'kutsala a mphaka." Anaseka, koma ataona nkhope yanga analeka. "Kumudzi akafunsa, ndikanena chiyani? Chinthu chongosungidwa pansi pa bedi ndi cha abale. Chomwe munthu akuvala, palibe angamuvule. Basi ndi ya mawa masana. Zikakukwanani, ndi zanu."

M'mawa mwake ndinavala masokosi awiriawiri. Yakumanja ndinamanga monga amamangira aliyense. Yakumanzere phazi langa linangolowa, mfundo ya amuna anga osaikhudza. Ndinali nditalumbira mumtima kuti mfundo imeneyo sindidzaimasula, chifukwa ndi chinthu chomaliza chimene zala zawo zinapanga.

Ndinalunjika kukaphiri kaja. Ndinadutsa pokwerera matekisi, ndinadutsa amayi owotcha mapazi a nkhuku, nsapato zikuti phwa, phwa pambuyo panga ngati munthu akunditsatira. Inali nyengo imene jakaranda amachita maluwa. Mphepo inali yofunda, ndipo ndinkayenda ngati m'tulo. Pena ndinkaona ngati msana wa amuna anga ukukhota patsogolo, pa mwala waukulu, ndikafika n'kupeza udzu wokha ukugwedera.

Pokwera, chidendene chakumanzere chinkavuka pa sitepe iliyonse n'kumakhuzika. Ndisanafike pakati, thuza linali litatuluka n'kuphulika. Pamalo ena njira inatsika pang'ono, ndipo phazi lonse linatsetserekera kutsogolo, zala n'kugunda. Kenako nsapatoyo inagwidwa pakati pa miyala n'kutsalira, ine n'kuponda minga ndi sokosi.

Ndinakhala pa mwala, nsapato ili pabondo. Kazenera kawo kanali pomwepo, kakudikira fupa lomwe ine ndilibe. Ndinaona kuti ndikaisiya mfundoyo, sindifika pamwamba, ndipo masana nsapato zilowa m'chikwama. Ndikaimasula, ndiye kuti ndafafaniza dzanja lawo. Ndinakhala nthawi yaitali. Kambalame kena kanatera pafupi, kanandiyang'ana, kanapita.

Mfundoyo inali yolimba, yodzaza dothi lofiira. Ndinaiyamba ndi zikhadabo, ndinamaliza ndi mano. Itamasuka, chingwe sichinawongoke. Chinatsala chopindikapindika monse momwe iwo ankachipinda, ndipo ndinachipitsa m'zala zanga kuyambira kunsonga mpaka kunsonga.

Ndinachisolola chonse n'kuyambiranso pansi. Ndinapingasa bowo lililonse, kazenera n'kutsekeka. Nditafika kumtunda, manja anga anapita okha ku timabowo tija. Khutu kuno, khutu uko, nsonga kutsidya, kukoka. Sindinadziwe kuti ndinkadziwa. Ndinachitanso chimodzimodzi kumanja. Nditaimirira, nsapato zinali zazikulube, malo otsala kuzala, koma zinandigwira m'kakolo ngati munthu akukuthandiza kuwoloka mtsinje.

Pamwamba panali mphepo yokha. Joni anali kutali, ali phee monga amuna anga ankanenera, nyumba zazitali zilibe pansi pake, zikungoyandama. Mitengo ya jakaranda inali ngati utsi wa mtundu wina utagona pa misewu. Ndinafuna kuwauza kuti sankanama. Ndinanena mokweza, mphepo inatenga.

Potsika, zala sizinagunde.

Ndinapeza alamu atakhala pa chigubu chija, chikwama atachimanga kale ndi chingwe. Anayang'ana mapazi anga, fumbi lofiira mpaka m'miyendo, magazi pang'ono pa sokosi. Anayang'anitsitsa yakumanzere.

"Mwamasula."

"Ndamasula."

"Nanga timakutu iti? Ndi ta achimwene iti."

"Ndinkaona akamamanga."

Anasisita chibwano. Kenako ananyamula chikwama n'kuchiika paphewa.

"Mukuoneka ngati bakha, alamu."

"Bakha wakwera phiri. Inu munakwerapo?"

"Ine ndi mimba iyi?" Anapukusa mutu. "Ndikawauza mayi kuti nsapato zili ndi mwini wake."

Ndinawaperekeza mpaka pokwerera matekisi nditavala zomwezo. Thuza linkawawa, koma chidendene sichinavuke.