Ndalama za pafupi ndi sosala

Ntchito yoperekera zakudya pa loji ina kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja ndinaipeza movutikira, koma palibe anandiuza za ndalama zosiyidwa patebulo. Sabata yoyamba azungu awiri atadya chambo anasiya ndalama pansi pa mbale. Ine, mwana woleredwa bwino, ndinathamangira galimoto yawo mpaka pageti ndikukuwa kuti aiwala. Anangoseka n'kumapita. Mayi wophika, amene anali mkulu wathu kukhitchini, anandilandira ndi maso ofiira.

"Iwe, imeneyo ndi tipu. Ukabweza, ife tidya ulemu wakowo? Ponya m'chitinimo, timagawana Loweruka."

Mutu unandizungulira. Pabilu pankakhala kale mzere wa sevisi chaji, imene abwana ankati ndi ya ife antchito, ngakhale ine sindinaionepo maonekedwe ake. Malipiro ankatha mwezi usanafike pakati. Nanga tipuyo, ngati ndi kuthokoza, bwanji munthu osandipatsa m'manja? Kwathu chosiya patebulo ndi choiwala. Koma walira mvula walira matope, ndinazolowera kuponya m'chitini.

Patapita miyezi kunabwera malume anga, amene anandiphunzitsa sukulu ndi ndalama zodula nzimbe ku Dwangwa. Anali ndi mnzawo, ndipo ankafuna kumuonetsa pamene mwana wa mlongo wawo amagwira ntchito. Anaitanitsa tiyi ndi mazira. Ndinagwada powasambitsa m'manja, anzanga akutsinana kumbali. Malume atapita, ndinapeza ndalama zopindapinda pafupi ndi sosala ya kapu yawo, osati pansi pake, osatinso patali.

Ndinaima ngati chitsa. Malume angadziwe za tipu? Mwina mnzawo uja anawanong'oneza. Ndikawathamangira, sindiwachititsa manyazi, kuoneka ngati ndikunyoza mphatso yawo? Mayi wophika uja anali pakhomo la khitchini, akundiyang'ana. Ndinaponya m'chitini.

Lamlungu amayi anandiuza kuti tsiku lija, atasiyana ndi mnzawoyo, malume anatsitsidwa m'minibasi kondakitala atapeza kuti alibe cholipira. Mtunda wotsalawo anayenda wapansi, dzuwa lili paliwombo, chonsecho bondo lawo limawavuta. Ndinatenga ndalama zanga n'kupita kwawo, ndipo ndinawapeza akusoka thumba la mpunga pakhonde.

"Malume, ndalama zanu munasiya patebulo paja."

"Ayi mwanawe, zinagwa panjira."

"Ndinazipeza ndine, malume."

Anasiya singano. "Unazipeza Lachitatu, ukubwera nazo Lamlungu?"

Ndinafotokoza za tipu, za chitini, za Loweruka. Pamene ndinkalankhula, inenso ndinkamva kuti zikumveka ngati bodza la mwana. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye kuntchito kwanuko, munthu akaiwala chake mumagawana?"

Ndikanati ayi, ndalama zawo zinali zitagawidwa kale dzulo lake, ine ndemwe n'kugulako sopo. Ndikanati inde, ndiye ndine ndani? Ndinaika ndalamazo pamkeka ndi manja awiri, koma anazikankhira kwa ine ndi chala.

"Sunga. Mwina kumeneko sakulipirani."

Mpaka lero sindidziwa ngati ankandimvera chisoni kapena ankandinena. Amandipatsabe moni, amafunsabe za ntchito. Koma akabwera kwathu ine n'kuwapatsa madzi, asananyamuke amayamba agwira thumba la malaya awo.