Dzina limene tinamuchotsa ali khanda

Anandiuza ndi mlongo wake, amene analandira foni pogawa katundu wa malemu mwana wanga kuno ku Kafue.

"Amayi, bwerani muone gemu yake ya m'fonimu."

Munali tianthu toseketsa, tonse nkhope imodzi. Malemuyo anali atatcha tianthuto maina: Bamimba, Bamimbamimba, Bamimbulu. Tinaseka mpaka misozi. Koma kotsiriza kanali ndi dzina la agogo ake, limene tinamuchotsa ali khanda chifukwa ankalikana ndi kulira kosatonthola. Palibe amene anamuuzapo za dzinalo.

Tinzake timathamanga, iko kamangoima n'kumatiyang'ana ifeyo.

Abusa akuti tifafanize gemuyo. Ndimathokoza Mulungu pondibwereka mwana uja, koma chala changa chikukanabe. Inu owerenga, mutikumbukire banja lathu popemphera.