Amake Zainabu ndi fomu ya ana amasiye

Kuno ku Senga Bay mukafunsa za Karima, anthu angokuyang'anani. Funsani za amake Zainabu, aliyense akulozerani thandala lachitatu kuchokera pa mkuyu, pomwe amayanika usipa. Thandala lachinayi ndi langa. Tayandikana zaka khumi ndi zisanu, ndiye zomwe ndikunenazi si zam'maluwa.

Karima kwawo ndi ku Chipoka. Anabadwa awiri okha, iye ndi mng'ono wake Hawa. Sukulu analekezera Sitandade 5, n'kukwatiwa ndi a Haruna osoka maukonde, omwe anabwera naye kuno. Hawa anamwalira mwana wake Zainabu ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, bambo a mwanayo atamira kale pa nyanja nyengo ya mwera. Karima anapita ku maliro chimanjamanja, anabwerako ndi khanda kumsana.

Kuyambira tsiku limenelo anaika lamulo lakuti mawu oti "wamasiye" asamveke pakhomo pake. Ngakhale dzina la Hawa analeka kulitchula, kuopa kuti mwana angafunse. Mayi wina anayerekeza pa mjigo kunena kuti "kamwana kamasiye kaja". Abale, zomwe anamva tsiku limenelo! Sabata yonse ankakatunga madzi ku mjigo wa kutali. Karima anadzabereka ana ake atatu, koma woyamba kusamba, woyamba kugulidwa nsapato, anali Zainabu. Ife tonse tinazolowera kusunga pakamwa, ngakhale ine amene pakamwa panga sipatsekeka.

Zainabu mutu wake umagwira. Chaka chatha anakhoza mayeso a Sitandade 8, n'kusankhidwa ku sekondale yogonera konko. Tinavina tsiku limodzi basi, chifukwa tonse tinkadziwa kuti usipa wa pa thandala limodzi sungaphunzitse mwana ku sukulu yotero. Mwamwayi kunabwera bungwe lina lomwe limathandiza ana amasiye ndi fizi, yunifomu ndi makope. Linatumiza mtsikana wa ku Lilongwe, dzina lake Triza, kudzafunsa ana mmodzimmodzi ku sukulu ya pulayimale. Mayina atatuluka, la Zainabu panalibe.

Ine ndili m'gulu la amayi oyang'anira atsikana pa sukulupo. Ndinapita ndikuwira. Triza anandilandira bwino, anatulutsa fomu n'kundiwerengera.

"Ndinamufunsa ngati ali ndi mayi, anati eya. Bambo, anati eya. Ndiye mayi, ine ndikanalemba chiyani?"

Ndinafuna kumukalipira, koma ndinasowa polowera. Ndinamufotokozera zonse. Iye anati mayina akupita ku ofesi yaikulu Lachisanu, ndipo akapita sabwereranso. Chomwe angachite n'chimodzi: womulera abwere ndi kalata ya kwa amfumu, anene yekha ubale wake ndi mwanayo, mwanayo ali pomwepo chifukwa nayenso amasaina.

Nditamuuza Karima pa thandala, anapitiriza kutembenuza usipa ngati sanamve.

"Ndikanene pamaso pa mwana kuti si wanga? Bola ayanike usipa ngati ine."

Apo ndinapsa mtima. Ndinati, "Amake Zainabu, mwanayu akadzakalambira pano, msana uli wopindika ngati wathuwu, mudzamuuza kuti munamukonda kwambiri? Mukuteteza mwana kapena mukudziteteza nokha?"

Ndinalankhula moipa, ndikuvomera. Masiku awiri sanandipatse moni, ndipo mtima wanga sunakhazikike. Ndinkaopa kuti ndataya mnzanga, mwananso wataya sukulu. Lachinayi m'mawa ndinangomuona ataima pakhomo panga, atavala mpango wake woyera wa ku mzikiti, kalata ili m'manja, Zainabu ali pambuyo.

"Tiyeni," anatero. "Koma mukatsegula pakamwa inu, ine ndibwerera."

Mu ofesi ya ahedi tinakhala pa benchi tonse atatu. Triza anatenga cholembera n'kufunsa mwaulemu, "Mayi, mwanayu ndi ndani wanu?"

Karima ananong'ona Bisimilahi. Mayi amene amatha kukalipira asodzi boti lonse ankangopota ngodya ya mpango. Ndinamumvera chisoni moti ndinalakalaka ndikanangosiya nkhani yonseyo.

Amene anayankha anali Zainabu.

"Anti, lembani kuti ondibereka anali a Hawa. Anamwalira ndili khanda, bambo anamira pa nyanja. Awa ndi akulu awo a ondiberekawo."

Karima anatembenuka n'kundiyang'ana ine, diso lofiira. Ndinakweza manja, chifukwa ulendo uno ndinalibe mlandu.

"Wakuuza ndani?" anafunsa mwanayo.

"Anzanga a ku madirasa, ndili Sitandade 3."

"Zaka zonsezi uli chete?"

"Ndinkaona kuti mukadziwa kuti ndikudziwa, mudandaula."

Triza anaika cholembera pansi. "Nanga bwanji unandiuza kuti uli ndi mayi?"

Zainabu anamuyang'ana modabwa, ngati wafunsidwa ngati nyanja ili ndi madzi. "Munafunsa ngati ndili ndi mayi. Ndili nawo, ndi awa. Simunafunse za ondibereka."

Triza anagwira pakamwa. Anati nayenso analeredwa ndi amayi ake aang'ono, ndipo akanafunsidwa choncho akanayankha chimodzimodzi. Anafufuta mzere uja, analemba bwino, onse awiri anasaina, ndipo anatitsimikizira kuti dzina likwera mawa lomwelo. Ananenanso kuti aitananso ana onse omwe anawasiya kuti awafunse funsolo mwa njira ina. Anapezeka ena awiri.

Titatuluka, Karima sanapite patali. Anakhala pa khonde la kalasi n'kupuma kwambiri, kupuma kwa munthu amene watula mtolo wa nkhuni wochoka nawo kutali. Anati Alihamudulilahi kawiri, kenako analira, nane ndinalira, ana a sukulu akutisuzumira pa mawindo. Mtima wanga unakhala m'malo. Mwana sukulu waipeza, ndipo palibe chomwe chasweka.

Zainabu anamupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. "Amayi, anthu akutiona."

"Aone," anatero Karima. Anamugwira chibwano n'kumutembenuzira ku dzuwa. "Tasekerera ndione. Mpata wa m'manowu ndi wa Hawa. Ndakhala ndikuuona tsiku ndi tsiku, womuuza ndinalibe."

Njira yonse yobwerera anakamba za Hawa: momwe ankaopera achule, momwe anabera mango a kwa shehe n'kunamizira mkulu wake, momwe ankaimbira molakwitsa koma mokweza. Ankaseka, kulira, n'kuyambanso ina. Titafika pa mkuyu ndinamukumbutsa kuti usipa wake ukufunika kutembenuza. Sanaime.

"Nditembenuzireni, anzanga," anatero. "Sindinamalize kumuuza mwanayu za mng'ono wanga."