Laputopu ya Alamu ndi Kachipewa ka pa W

Laputopu ija anandipatsa ndi alamu anga, achimwene awo a akazi anga, amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Inali yakale, yolemera ngati njerwa ziwiri. Koma kwa ine, mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina ya kufupi ndi Bembeke, inali chuma. Ndinali nditaonera pa foni mavidiyo angapo ophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo mtima unandinamiza kuti zonse ndazidziwa kale.

Pamsonkhano wa aphunzitsi wotsekera teremu, Julayi ali kumapeto, ndinaimirira popanda wondifunsa. Ndinalonjeza kuti patchuthi ndilemba pulogalamu yofunsa ophunzira mafunso a miyambi ndi kalembedwe ka mawu, yochonganso yokha mayankho. Aphunzitsi aakulu, mayi osakonda zolankhulalankhula, anangofunsa kuti zitenga masiku angati.

"Sabata ziwiri, mwinanso osakwana," ndinayankha, dzanja lili m'thumba.

Kuti munthu alembe pulogalamu amafunika kuika kaye m'kompyuta chida cholembera. Chimenecho chinalowa bwinobwino. Kenako pamafunika kachida kena koonjezera, kamene eni ake amati pulagini, kothandiza chida chachikulu chija kumva chilankhulo chimene ukulemberacho. Apa ndi pamene zinavuta. Ndikadina batani loti katsike kuchokera pa intaneti, kankayamba bwino, kenako n'kuima, pansi pake n'kutuluka mizere itatu yofiira ya Chingerezi.

Mizere ija sindinaiwerenge. Ndinangoona kufiirako, ndipo ndinagamula pomwepo kuti vuto ndi netiweki.

Kwathu netiweki imagwira bwino pachulu cha m'munda wathu wa mbatatesi, kuseri kwa nyumba. Mmawa uliwonse ndinkanyamula mpando, laputopu ndi foni, n'kukakhala pamenepo nditavala majuzi awiri. Amene anakhalapo ku Dedza nyengo imeneyo akudziwa mphepo yake. Chifunga chinkatsika m'phiri n'kundikuta, zala n'kuuma mpaka kudina mabatani awiri nthawi imodzi. Anthu opita ku Misa ya mmawa ankaima panjira n'kundipatsa moni mwaulemu woposa wamasiku onse, ngati mmene timalonjerera munthu amene tikumukayikira mutu.

Masiku anayi ndinakhala pachulu paja. Chida cholembera ndinachichotsa n'kuchiikanso kanayi. Ndinazimitsa ndi kuyatsa laputopu mpaka inayamba kutentha, zomwe zinathandizako zala zanga. Mizere yofiira inali pomwepo.

Tsiku lachisanu akazi anga anabwera ndi tiyi kuchulu kuja. Iwo ndi mlimi, ndipo kompyuta anali asanaigwirepo. Anaima kumbuyo kwanga akudikira kapu, maso ali pasikirini.

"Abambo, kodi timanambala tili pakonapa ndi tsiku la lero?"

"Eya, koma zimenezo sizikukhudzana ndi zimene ndikuchita."

"Chabwino. Ndimangodabwa kuti akuti lero ndi Januwale. Ndipo chaka alembachi inu ndi ine tinali tisanadziwane n'komwe."

Ndinayang'ana. Zinalidi choncho. Apo m'pamene ndinawerenga mzere woyamba wofiira uja, ndipo unkanena momveka kuti chiphaso cha kumene ndikutenga pulagini sichinafike nthawi yake yoyamba kugwira ntchito. Laputopu inkaganiza kuti tikadali m'zaka zakale, ndiye inkakana chilichonse chochokera m'tsogolo. Ndinakonza tsiku ndi nthawi, n'kudina batani lija. Pulagini inatsika tiyi ndisanamalize.

"Ndinali pafupi kuyang'ana pomwepo," ndinatero.

"Inde, abambo," anayankha akazi anga, akutola kapu. Akutsika chulu mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka.

Ndinabwerera m'nyumba monyada. Ndinalemba mizere yanga isanu yoyamba, yongouza kompyuta kuti ilembe kuti "Takulandirani", n'kuilamula kuti iyambe. Kufiira kunabweranso, tsopano kochuluka. Ulendo uno ndinawerenga mawu awiri oyambirira, onena kuti fayilo imene ndinasungamo mizereyo sikupezeka, ndipo ndinapsa mtima chifukwa fayiloyo ndinkaiona ndi maso angawa. Ndinalowa pamalo pamene amasinthira kagwiridwe ntchito ka chida chija, ndikuchonga apa n'kufufuta apo, osadziwa chimene ndikuchita. Pofika Lachitatu zilembo zonse zinali zitakula ngati za pabolodi, ndipo mabatani ena anali atasowa.

Akazi anga ndi amene ananena kuti ku boma kuli bambo wina wokonza mafoni ndi makompyuta, yemwe anawakonzerapo foni. Ndinakana tsiku lathunthu, kenako ndinakulunga laputopu m'chitenje n'kukwera njinga.

Kashopu kawo kanali m'mbali mwa msewu waukulu. Anali bambo wachisilamu wa ndevu zaimvi, wovala kofia yoyera, wolankhula pang'onopang'ono. M'shopumo munali amayi awiri akudikira mafoni awo. Ndinafotokoza vuto langa ndi mawu akuluakulu onse amene ndinatola m'mavidiyo aja, ena mwa iwo osawamvetsa. Bambowo anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Aphunzitsi, zimene yalembazi mwaziwerenga?"

"Ndawerenga," ndinanama.

"Tiyeni tiwerengenso limodzi."

Anaika chala pasikirini n'kuyamba kuwerenga liwu limodzilimodzi, ndendende mmene ine ndimawauzira ana a folomu wani kuti aziwerenga funso lonse asanayankhe. Uthengawo unkasonyeza njira imene kompyuta inadutsa pofunafuna fayilo yanga, foda ndi foda. Anafika pa dzina la foda imene ndinasungamo ntchito yanga, ndipo analiwerenga mokweza.

"Ntchito za Katswiri Woyamba wa Makompyuta ku Mala... apa pali timizere tosamveka. Munalembapo chiyani?"

"Malaŵi," ndinayankha motsitsa. "Ndi w wa kachipewa pamwamba."

Mmodzi wa amayi aja anatsokomola, mnzake anayang'ana kunja kumsewu.

Ndiyenera kuulula kuti chilembo chimenechi ndimachikonda. Ambiri anachisiya kale, koma ine ndimachiumirira, ndipo kuti ndichipeze pa laputopu ija ndinavutika madzulo athunthu. Bambowo anafotokoza kuti pulagini yangayo inali yamtundu wakale, yosadziwa chilembocho. Ikafika pa kachipewa inkasokonezeka n'kutaya njira. Mipata ya pakati pa mawu a dzinalo nayo inkaipunthwitsa.

Ndinayamba kuteteza chilembo changa. Ndinati ndi chathu, chili ndi mbiri, ndipo si bwino kuti makina achilendo azitiuza kalembedwe. Bambowo anagwedeza mutu kuvomereza.

"Zoona zimenezo. M'kati mwa pulogalamu yanu muchilembe mmene mungafunire, ndikuonetsani pochonga kuti chizioneka bwino. Koma dzina la fodali lifupike. Tilembe chiyani?"

"Lembani kuti ntchito."

"Za ukatswirizi tichotse?"

"Chotsani."

Anachotsa. Anabwezeranso zonse zimene ndinasokoneza zija mmene zinalili poyamba, osandifunsa kuti anazigwira ndani. Kenako anatsegula kunsi kwa laputopu n'kusintha kabatire kakang'ono ngati batani la malaya, kamene kamasunga nthawi makina akazima. Anati popanda kutero Januwale uja akanabweranso. Atamaliza anatembenuzira laputopu kwa ine kuti ndidine ndekha. Pasikirini panatuluka liwu limodzi loyera: Takulandirani.

Pulogalamu ija sinathe m'sabata ziwiri. Inatha teremu yotsatira ili pakati, ndipo inali ndi mafunso khumi okha. Tsiku loionetsa, aphunzitsi aakulu anakhala pampando kuti ayese okha. Funso loyamba linali loti amalize mwambi wakuti "Safunsa anadya". Analemba kuti "Phula", ndipo pulogalamu yanga inawauza kuti alakwa, chifukwa anayamba ndi chilembo chachikulu pomwe ine ndinaiphunzitsa chaching'ono chokha. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

Ndinapempha kuti andipatse mphindi zochepa. Ndinakhala pansi ophunzira onse akuonerera, ndinapeza mzere wolakwikawo, ndipo ndinaukonza ndekha. Aphunzitsi aakulu anayesanso, n'kukhoza mafunso asanu ndi anayi. Lakhumi tinatsutsana mpaka belu linalira, ndipo pambuyo pake zinapezeka kuti wolakwitsa yankho ndinali ine.