A Teleza ndi zala za pachulu

Pa esiteti pathu netiweki imagwira malo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa shedi yoyezera tiyi. Anthu akaweruka amaunjikana pamenepo, dengu likadali kumsana, foni m'mwamba. M'munsi mwa chulucho ndi momwe a Teleza amakazingira zitumbuwa, koma maso awo sakhala pachiwaya ayi.

Mayi ameneyu foni ya intaneti alibe, komabe amakuuza tsamba lomwe watsegula asanasuzumire n'komwe. Amangoyang'ana chala.

"Uyo chala chikungokwera m'mwambayo ndi TikTok," amatero. "Wa zala ziwiriyo akukangana ndi mlamu wake pa WhatsApp. Uyo wagwira mutuyo anabetcha mpira, wadyedwa."

Akalaliki a ku ofesi nawo sawasiya. Akuti onsewo amasaka ntchito kwina, n'chifukwa chake amatembenuza foni bwana akamadutsa. Nthawi zambiri a Teleza amalasa, ndipo akaphonya savomera. Ine ndi mnansi wawo, ndimawakonda, koma ndinene chilungamo: kwa a Teleza munthu wopanda chobisa kulibe.

Zinavuta pamene amuna awo, a Fabiano, munthu wofatsa wothyola tiyi, anayamba nawo kukwera chulu. Chala chawo sichinkayenda. Ankangoima chilili kuyang'ana malo amodzi, milomo ikugwedera, ndipo mkazi wawo akayandikira foni inkalowa m'thumba.

"Chala chikaima ndiye kuti pali nkhope," a Teleza anandinong'oneza. "Facebook imeneyo. Pali kamtsikana ka ku Luchenza."

"Mwawafunsa eni ake?" ndinatero.

"Ndifunsenso chiyani, poti ndikuona ndi maso angawa?"

Zinandikwiyitsa, chifukwa banja lomwe lalera ana mpaka kukula linali kupita m'madzi kaamba ka chala. M'malo mofunsa m'nyumba, iwo anathamangira kwa ankhoswe. Lamlungu titaweruka kutchalitchi mbali zonse ziwiri zinakhala pakhonde, ine anandikokera pomwepo kuti ndikhale mboni.

Nkhoswe ya kuchikazi, malume awo a Teleza, inalamula kuti foni itsegulidwe.

"Pano ayi, chonde," anatero a Fabiano. "Pali anthu."

"Mwamva?" a Teleza anadzuka pamkeka. "Atsegule! Aliyense amuone mkazi mnzangayo."

A Fabiano anayang'ana mkazi wawo, kenako anapereka foniyo. Malume aja anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga mokweza, mawu amodziamodzi, asanazindikire chomwe akuwerenga. Linali tsamba la zaumoyo, lofotokoza zizindikiro za khansa ya m'mawere. Anabwerera m'mbuyo, napezanso lina lofanana nalo. Nkhope ya mkazi munalibe.



"Chotupacho ndinachiona kalekale, make Mwai," a Fabiano analankhula chapansipansi. "Ndinaona kuti mukubisa. Ndimafuna ndidziwe kaye ngati chimachizika, ndisanakuopsezeni."

A Teleza anakokera chitenje pachifuwa n'kukhala pansi. Ine mtima unandipweteka, mkwiyo wonse unatha. Nkhani imene sanauzeko ngakhale mchemwali wawo tsopano anaimva malume, alamu ndi ine wapadera, ndipo tonsefe anachita kutiitana okha.

Patapita kanthawi anatembenukira kwa amuna awo, osasamalanso kuti tilipo.

"Ndiye akuti chimachizika?"